Sandipepa ndi Ulusi wa Kudenga

Alipo anthu ena, oti ngakhale bulashi sadziwa kuigwira, amene mpaka lero amakhala pa benchi n'kumaseka kuti Sandipepa anapaka vanishi pa khutu lagalasi. Asiyeni aseke. Akanalowa m'chipinda chija n'kupumako mpweya wake m'mawa umodzi wokha, bwenzi nthabwala zitawathera kukhosi. Nkhaniyi iwo amaiyambira kumchira, n'chifukwa chake imawakomera. Inu imvereni kuyambira kumutu.

Sandipepa si dzina la kubadwa nalo. Anamupatsa atangolowa ntchito pa shopu ya mipando, chifukwa ntchito yake yoyamba inali yokwecha matabwa panja, komanso chifukwa lilime lake linali lokhakhala ngati sandipepa weniweni, pepala lokwechera lija. Anakwecha matabwa mpaka timizere ta kuzala tinafufutika, moti singano ikagwa pansi ankalephera kuitola. Kenako anamukweza. Anamupatsa mfuti yopopera vanishi, kompuresa yakale yokhosomola, ndi chipinda chakechake kumbuyo kwa shopu. M'menemo ndi mmene anakalambira.

Dzanja lake linali lina. Tebulo likatuluka m'chipinda chimenecho munkadziona nkhope yonse, ndi mano omwe. Dontho osalipeza, mzere osauona, ngakhale mutawerama n'kuyang'anira cham'mbali ngati wogula wovuta. Amisiri a mashopu ena ankabwera ngati odzacheza, n'kumasisita mipando mobisa kuti apeze polakwika, n'kubwerera manja ali m'thumba. Koma ntchitoyo inamudya chinthu chimodzi: mphuno. Vanishi ndi thinasi, mankhwala aja osungunulira penti, zinamupha mphuno kalekale. Mkaka ukapserera kunyumba, anthu onse ankathamangira kukhitchini iye ali phee pa mpando, akufunsa kuti kwagwanji.

Shopuyo inali yotere. Kutsogolo, kumsewu, kunali chipinda cha magalasi aakulu choonetsera masofa. Pambali pake kaofesi ka mwini shopu, amene antchito ankamutchula kuti Makiyi chifukwa cha mtolo wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwake. Pakati panali holo ya akalipentala, utuchi wokhawokha. Kumbuyo kwenikweni kunali zipinda ziwiri zogawidwa ndi khoma la matabwa losafika kudenga. Mbali ino Sandipepa ankapopa. Mbali inayo mwana wake wamkazi, wachisamba, ankasoka nsalu za masofa. Anthu ankamutchula kuti Atelala. Mpata wa pamwamba pa khomalo unali wokwana mwana kudutsa, ndipo nkhungu ya vanishi inkadutsa pomwepo tsiku lonse.

Tsono musanamuweruze munthu, mumve kaye za kamera.

Chaka china Makiyi anapachika kamera pamwamba pa chitseko cha holo. Anasonkhanitsa antchito n'kunena kuti ndi ya akuba, kuti iwo asade nkhawa, ikuteteza chuma cha tonse. Wakuba sinagwirepo ngakhale mmodzi. Amene inagwira ndi Misomali, kalipentala wachikulire, mnzake wa Sandipepa kuyambira unyamata, atakhala pa thumba la utuchi akuwongola msana umene unkamuvuta. Makiyi anamuitana mu ofesi, anamuonetsa yekha pa galasi la kamera ija atakhala pansi, lero, dzulo, dzana, ndipo mwezi usanathe Misomali anali kunyumba. Tsiku limene ananyamula hamala yake ndi kapu yake ya tiyi, Sandipepa anamuperekeza mpaka pa geti. Kuyambira pamenepo chinthu chilichonse chopachikidwa kudenga ankachiyang'ana ngati njoka. Ndani angamunene?

Atelala anali woyembekezera, mimba yoyamba, mwamuna wake ali woyendetsa magalimoto a katundu, wokhala pamsewu kuposa panyumba. Mutu unkamupweteka tsiku ndi tsiku, makamaka madzulo. Atapita kusikelo, namwino anamuyandikira kuti amuyeze, n'kubwerera m'mbuyo.

"Mayi, mumagwira ntchito pa galaja?"

"Ayi, ndimasoka."

"Nanga fungo ili m'malaya mwanumu? Chilichonse chimene mukupuma inu, wam'katiyu akupumanso. Chokanimo m'menemo."

Atelala anakapempha Makiyi kuti makina ake awasamutsire kutsogolo, pakona ya chipinda cha magalasi. Makiyi anaseka, makiyi akulira. Anati makasitomala sabwera kudzaona zidutswa za siponji. Anati fungo la vanishi silinaphepo munthu, taonani bambo anu, akudwala? Ndipo Sandipepa, atamva kunyumba, ananunkhiza malaya a mwana wake mwamphamvu n'kunena moona mtima kuti, "Fungo lanji?" Sankanama. Samalimva.

Pasanapite nthawi kunabwera anthu a ofesi yoona za umoyo wa antchito, akuyendera mashopu onse ogwiritsa ntchito penti ndi guluu. Anasiya mayi wina wamng'ono thupi, wa magalasi a m'maso, ali ndi makwerero opinda ndi kabokosi. Anayamba kuyendetsa kanthu m'mbali mwa denga, kuchokera mu ofesi, kudutsa holo, mpaka kumbuyo. Kanali kaulusi kowonda kuposa chingwe cha mbedza, kokutidwa ndi pulasitiki yachikasu, koma kumapeto kwake kunali galasi lenileni losavala kanthu, ngati tsitsi. Nsonga imodzi anailendeweretsa m'chipinda chopopera. Ina pamwamba penipeni pa makina a Atelala. Asanatsike pa makwerero, antchito anali atamupatsa kale dzina: Mayi Waulusi.

Sandipepa anazimitsa kompuresa, anakweza masiki yake yakuda pamphumi.

"Mayi, chimenechi n'chiyani mukutipachikirachi?"

"Ndi mphuno, bambo."

"Mphuno ya ndani?"

"Yanu nonse." Anatsika, anamuonetsa nsonga ina imene inali m'kabokosi. "Ulusiwu ndi wagalasi. M'kati mwake mumayenda kuwala, kuchokera m'bokosi limene ndaika mu ofesi, kudzafika pansonga pano n'kubwereranso. Pansongapa tapakapo kachikopa kopyapyala kwambiri. Kakamwa mpweya wa thinasi kapena vanishi kamafufuma pang'ono, ndiye kuwala kumabwerera kutasintha. Bokosi lija limaona kusinthako n'kujambula mzere. Mpweya ukakhala wabwino mzere umagona pansi, wobiriwira. Ukaipa umakwera, n'kufiira."

"Nanga bwanji osangoika kamakina ka magetsi, ngati anzanu?"

"M'chipinda muno mbaliwali imodzi yokha ikhoza kuyatsa mpweya wonsewu. Mu ulusimu mulibe magetsi, muli kuwala kokha."

Yankholo linali labwino, ndipo Sandipepa anadana nalo chifukwa cha ubwino wakewo. Bodza la akatswiri limabwera litasita. Anayang'ana kaulusiko nthawi yaitali, kenako anafunsa funso limene linali likumutafuna.

"Ulusi umenewu si pachibale ndi uja anakwirira m'mbali mwa msewu chaka chatha? Uja amati umanyamula mawu a pa foni?"

Apa ndi pamene mayiyo analakwitsa, ngati kunena zoona kuli kulakwitsa. Anati, "Ndi mtundu umodzi, inde. Koma uwu..."

Zotsatirazo Sandipepa sanazimve. Anatsitsa masiki, anayatsa kompuresa.

Madzulo ake Makiyi anasonkhanitsa antchito m'holo, pansi pa kamera. Nkhope inali yolemera. Anati iye sanaitane anthu amenewa, abwera okha. Anati mzerewo ukafiira amukakamiza kuboola khoma, kuika chifani chachikulu chotulutsa mpweya, kusamutsa osoka, ndipo iye zimenezo sangazithe. "Ukangofiira, chipinda chopoperacho nditseka. Mipando ndizikapopetsa kwina." Polankhula mawu omalizawo sanayang'ane munthu aliyense, koma onse anayang'ana Sandipepa.

Zipinda zakumbuyo zinakhala chete ngati pamaliro. Kale nthawi ya nkhomaliro inali ya miseche, aliyense atakhala pa siponji m'chipinda cha Atelala, akumusenda Makiyi kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Tsopano ankadya akuyang'ana kudenga. Mlamu wake wa Sandipepa, mchimwene wa mkazi wake, kalipentala wa pakamwa posatseka, ndi amene anayambitsa zolankhula ndi manja.

"Alamu," ananong'ona, "mukafuna kutukwana bwana muzingokhosomola kawiri, ife tizimva."

"Iwe umaona ngati n'zoseketsa."

"Ine ndikuti tichiyese, chinthu chanucho. Ngati ndi khutu, chimve."

Anaimirira pansi pa nsonga ija, anakweza mutu ngati tambala, n'kunena momveka bwino kuti, "Guluu watha. Guluu watheratu m'shopu muno." Onse anaseka chogwira pakamwa. M'mawa mwake Makiyi anatsika m'galimoto atanyamula zitini ziwiri za guluu.

Atelala anayesa kunena kuti guluuyo anali atathadi, kuti zitini zopanda kanthu zinali pakhomo pa ofesi kuyambira sabata yatha, kuti munthu wa maso sangalephere kuziona. Palibe anamumvera. Ngakhale mlamu uja anasiya kuseka.

Loweruka shopu inkatsekedwa masana, ndipo Makiyi, munthu wosakonda kuwononga, ankazimitsa magetsi onse pa switchi yaikulu asanayambe kuzungulira ndi makiyi ake. Bokosi la mu ofesi linkazima limodzi ndi zonse. Sandipepa anatsalira kumbuyo ngati akutsuka mfuti. Anatenga kabulashi kake kobisa, kamene ankakonzera ting'alu ta m'makona, ka tsitsi lowerengeka. Anasefa vanishi woyera pa kansalu, anakwera pa tebulo, anagwira mpweya. Kamodzi kokha, kuchokera m'mwamba kutsika. Nsonga inavala chikhoto chosaoneka ndi maso.

Anazungulira khoma n'kulowa kwa mwana wake. Pamenepo anaima. Pa mpando panali kapilo kamene Atelala ankatsamira msana, pa makina panali kabotolo ka madzi ndi mapiritsi a mutu amene namwino anamuletsa kumwa pafupipafupi. Mumtima mwake munabwera kamawu kakuti nanga ikakhaladi mphuno? Koma anakumbuka kuti pa mpando umenewu ndi pamene mwanayo ankamuuza zakukhosi, za mwamuna wosaimba foni, za apongozi olowerera. Zimenezo zikamveke mu ofesi ya Makiyi? Anakumbuka Misomali pa geti ndi kapu yake. Za chipinda chake chotsekedwa sanafune kuziganiza, ndipo anadziuza kuti sizikukhudzana. Anakwera pa mpando wa mwana wake n'kupakanso kamodzi.

Pofika Lolemba vanishi anali atauma gwa.

Pakati pa sabata Makiyi anawaitana onse mu ofesi, chinthu chimene sanachitepo. Anawapanikiza pakhomo kuti aone galasi la bokosi lija. Masiku oyambirira mzere unali utakwera ngati phiri, wofiira, koma kuyambira Lolemba unagona pansi, wobiriwira, wowongoka ngati wojambula ndi rula.

"Mwaona? Masiku oyamba aja makina anali asanazolowere. Mpweya wa muno ndi wabwino kuposa wa kumsewu. Atelala, mwaona nokha. Mutu wanuwo ndi wa mimba basi."

Atelala anayang'ana mzerewo, anayang'ana bambo ake. Sandipepa ankayang'ana kalendala.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, kunabwera oda yaikulu, makabati a nyumba ya alendo yatsopano, ofunika msanga. Kompuresa inkalira kuyambira m'mawa mpaka weruko. Inali nyengo ya mphepo, fumbi likuuluka pabwalo, ndipo fumbi ndi mdani wa vanishi wosauma. Chitseko chakumbuyo, chokhacho cholowetsa kamphepo, anachitseka ndi Sandipepa yemwe, ndi dzanja lake, chifukwa kabati yotuluka m'chipinda chake sikanatuluka ndi timchenga. Nkhungu inkakwera, n'kupeza mpata uja pamwamba pa khoma, n'kutsikira mbali inayo.

Makina osokera ali ndi kaliridwe kake, ndipo bambo amene wakhala akuwamva kuseri kwa khoma amadziwa mwana wake ali bwanji osamuona. Kale ankathamanga mtunda wautali osapuma. Tsopano ankayenda pang'ono n'kuima, pang'ono n'kuima. Tsiku lina madzulo anaima osayambanso. Sandipepa anapopa chitseko chimodzi cha kabati akumvetsera, anapopa chachiwiri, kenako anataya mfuti pa tebulo n'kuzungulira.

Anamupeza atakhala pansi pakati pa zidutswa za siponji, mutu atautsamiritsa pa mwendo wa makina, ndowa ya zinyalala ili pambali pake. Milomo inali yotuwa.

"Mayi, chavuta n'chiyani?" Ankamutchula choncho kuyambira ali kamwana.

"Palibe, ababa. Bwana anena kale. Mpweya ndi wabwino."

Anamudzutsa, anamutulutsa panja, anamukhazika pa mulu wa matabwa. Mwanayo anapuma mphepo ya fumbi ija ngati akumwa madzi. Sandipepa anaima pambali, akupukuta manja pa ovolosi, kupukuta ndi kupukutanso. Kenako anamuperekeza kunyumba. Mawa lake anatsegula chitseko chakumbuyo pang'ono, mpata wa dzanja. Makiyi atadutsa anachikankha ndi phazi. "Fumbi, achikulire. Inu nomwe mumanena."

Mayi Waulusi anabweranso patapita masabata angapo kudzatenga zimene bokosi lalemba. Analowa mu ofesi akumwetulira, anatuluka kumwetulira kutatha. Sanapereke moni m'holo. Anapita molunjika kumbuyo, Makiyi akumutsatira, antchito akusiya mahamala mmodzimmodzi. Atangolowa m'chipinda chopopera anavula magalasi n'kupukuta misozi.

"Maso anga akuwawa ndisanathe n'kupuma komwe," anatero, "koma bokosi likuti muno muli ngati m'munda. Mzere wotere sindinauonepo ngakhale mu ofesi mwanga. Bambo, ndipatseni kansanza konyowa ndi thinasi."

Sandipepa anamupatsa. Maso sanawakweze kudenga ngakhale kamodzi, ndipo amene anaona ndi Atelala yekha, ataima pakhomo atagwira chiuno.

Mayiyo anatuma mlamu uja kuti akaime pakhomo pa ofesi, aziyang'ana galasi. Anakwera makwerero, anaika kansanzako pansi penipeni pa nsonga.

"Wasuntha?"

"Wagona, mayi," mawu anabwera kuchokera kutsogolo.

"Pano?"

"Ukuliza mkonono."

Palibe anaseka. Anakayesa nsonga ya kwa Atelala, chimodzimodzi. Anatulutsa kagalasi kokulitsa zinthu, anaunguza nsongayo mbali zonse, anapukusa mutu. Kenako anatembenukira kwa Makiyi, ali pamwamba pa makwerero pomwepo.

"Bwana, Loweruka lija bokosi litazima, munalowa muno ndani?"

"Mukufuna kunena chiyani?"

"Ndikufunsa. Amene akupindula ndi mzere wogona ndi mmodzi m'shopu muno."

Makiyi anafufuma. "Inu mwabweretsa zinthu zakufa, ndiye mukufuna kundipaka ine? Ndikukudziwani anthu inu. Mumagwirizana ndi ogulitsa mafani. Zikafiira mukuti zikugwira ntchito, zikabiriwira mukuti zawonongeka."

Akalipentala anayang'anana. Ena ankakhulupirira mayiyo, ena bwana, ambiri ankaona kuti onse awiri ndi akuba amene asemphana pogawana. M'chipinda chonsecho munalibe munthu wokhulupirira mnzake.

Mayi Waulusi anatsika, anapumira m'mwamba. Anati nsonga ziwiri kufa tsiku limodzi si zachilendo ngati vuto lili m'bokosi, ndipo iye sangalumbire kuti si bokosilo. Ngati ndi bokosi, ayenera kumasula zonse n'kuzitumiza kwa amene anazipanga, ndipo kubwerera kwake ndi miyezi, mwina chaka chamawa. Kufikira nthawiyo sangalembe kanthu za shopu ino, zinthu zikhala mmene zilili. "Koma ngati pali chimene chakhudza nsongazi, ndipo wina akudziwa, ndidula n'kuika zina lero lomwe. Ndili nazo m'galimoto."

"Masulani, mayi," anatero Makiyi, mawu atafewa mwadzidzidzi. "Pitani nazo akaziyeze bwinobwino. Ife sitithamangira."

Chaka chamawa. Sandipepa anayang'ana mimba ya mwana wake. Munthu sankafunika sukulu kuti aone kuti mwanayo sadikira chaka chamawa.

Mayiyo anali atayamba kale kupinda makwerero pamene Atelala analankhula.

"Mayi, ndibwerekeni kagalasi kanuko."

Sanakwere pa mpando, sakanatha. Anapempha mlamu uja, amalume ake, kuti aweramitse ulusiwo pang'ono. Anaika nsonga pakati pa diso lake ndi kuwala kwa pawindo, n'kuipendeketsa cham'mbali, mmene ankaonera bambo ake akuyendera tebulo kuyambira ali wamng'ono. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anabweza kagalasiko, anatembenuka.

"Ababa," anatero motsitsa, "palibe dontho. Palibe ngakhale mzere wa bulashi."

Ena sanamve tanthauzo lake. Sandipepa anamva. M'shopu monse, m'msewu wonsewo, munali dzanja limodzi lokha lotha kupaka chinthu chowonda ngati tsitsi osasiya chizindikiro, ndipo mwanayo anakulira pansi pa dzanja limenelo. Sanamuneneze. Anangomuikira nkhaniyo m'manja n'kudikira.

Amene amaseka pa benchi aja amati anagwada, analira. Bodza. Sandipepa sanagwadirepo munthu. Anavula masiki, anaiponya pa tebulo, n'kulankhula ngati iye ndiye wolakwiridwa.

"Musamasule kanthu, mayi. Bokosi lanu lili bwino. Ndi vanishi woyera, kamodzi kamodzi, Loweruka lija. Ndine."

"Chifukwa chiyani, bambo?"

"Mukafunse Misomali. Nayenso anauzidwa kuti cha kudenga chija ndi chomuteteza." Analoza Makiyi ndi chibwano. "Munandiuza nokha kuti ulusiwu ndi umodzi ndi wa mafoni."

"Ndinanenanso kuti uwu ulibe chomvera mawu. Munayatsa kompuresa ndili pakati polankhula."

"Ababa," anatero Atelala, "linali khutu lokha limene munkaopa?"

Sandipepa anatola masiki ija pa tebulo n'kuyamba kuipukuta.

Makiyi anapeza pothawira, ndipo anathawirapo ndi miyendo yonse. Analankhula za kuwononga katundu wa eni ake, za kumuchititsa manyazi pamaso pa alendo, za zaka zonse zimene wamusunga munthu ngati m'bale. Kumuchotsa ntchito sanayerekeze, chifukwa mayi uja anali ataima pomwepo akumvetsera, komanso makabati anali asanathe. Koma makabati atangotuluka anamulanda mfuti, n'kumubwezera panja, pa benchi yokwechera matabwa pamene anayambira ali mnyamata. Munthu wa imvi.

Mayi Waulusi anadula nsonga zonse ziwiri tsiku lomwelo n'kulumikiza zatsopano. Ya kwa Atelala anaikulunga m'kapepala n'kuisunga, akuti akaonetse anzake, chifukwa sanaonepo ntchito yoipa yogwiridwa bwino chotero. Kompuresa itangoyamba, mzere unadzuka. Nkhomaliro isanakwane unali wofiira mbali zonse ziwiri, wa kwa osoka utatsala pang'ono kufanana ndi wa kopopera. Madzulo omwewo akalipentala ananyamula makina a Atelala n'kukawaika kutsogolo, pakona ya chipinda cha magalasi, pafupi ndi chitseko cha kumsewu. Makasitomala sanathawe. Ena ankaima n'kumaonerera akusoka.

Ndipo chipinda chopopera chija, chimene Makiyi analumbira pamaso pa anthu kuti atseka? Sanatseke. Anaboola khoma, anaika fani, anakweza khoma la matabwa mpaka kudenga, akudandaula tsiku lililonse ngati akumuzula dzino. Kunali kuopseza chabe. Mfuti anaipereka kwa munthu wina wochokera ku shopu ya magalimoto, amene sabata yoyamba yomwe anapata dzina lakuti Madontho.

Sandipepa anakwecha matabwa pa benchi yake panja. Mutu wa mwana wake unasiya kupweteka, milomo inabwerera mtundu wake, ndipo ankamumva kuchokera pabwalo, makina akuthamanga mtunda wautali osapuma. Zimenezo sankazitchula. Akamadutsa pansi pa ulusi wachikasu uja popita kukatenga matabwa, ankatsekabe pakamwa.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, Madontho anatuluka kudzakhala pamthunzi, akuwongola mkono. Sanakhalitse. Makiyi a m'chiuno mwa bwana analira kuchokera kutsogolo, kudutsa holo yonse, mpaka pabwalo.

"Iwe, bwanji wasiya kupopa?"

"Ndangotuluka pompano, bwana."

"Usandinamize. Mzere watsika kalekale. Dzulonso unatsika nthawi yomweyi, ndi dzana. Ukuganiza kuti sindiona?"

Sandipepa anaimitsa dzanja pa thabwa. Anayang'ana mlamu wake, amene anali pakhomo la holo ndi sowo m'manja. Kenako anaseka, koyamba chichokereni m'chipinda chija, kuseka kouma kotulukira m'mphuno yakufayo. Pa weruko anadikira mwana wake pa geti.

"Wamva za Madontho?"

"Ndamva, ababa. Koma sunamve mawu. Wangonunkhiza."

"Kaya wanunkhiza, kaya wamva, wakanena kwa bwana. Ndinalakwa pati?"

"Munalakwa pamwamba pa makina anga."

Anayenda kamtunda, iye akuchepetsa liwiro kuti mwanayo asatope. Pokwera basi anamugwira chigongono.

Masiku amenewo pa benchi yake panayamba kuoneka timatabwa tachilendo, tating'ono, totsala ku makabati aja, timene anapempha kwa Makiyi pamaso pa anthu kuti pasadzakhale nkhani. Mlamu wake anamulumikizira pa nthawi ya nkhomaliro. Kanali kabedi ka mwana, ka timipiringidzo m'mbali. Sandipepa anakakwecha ndi pepala lokhakhala, kenako losalala, kenako losalalitsitsa lija limene amasungira matebulo a anthu olemera, mpaka thabwa linkaterera ngati tsaya. Kamodzi ndi kamodzi ankatseka maso n'kuyendetsa mlomo wake m'mphepete, popeza zala zinali zitasiya kumva.

"Alamu," anatero mlamuyo, "katha aka. Ndikauze Madontho akapope, kapena mukabe mfuti Loweruka? Paja inu Loweruka ndi tsiku lanu."

"Aka sakapopa munthu."

"Ngakhale inu? Kabedi ka mdzukulu wa Sandipepa kopanda vanishi? Anthu adzati chiyani?"

"Adzati chimene adzati."

Anapinda pepala lina n'kuyambanso mbali ya kumutu.